Magetsi onyamula pa njinga

Bambo anga ankatchaja mabatire a galimoto ku Kawale, ngakhale makasitomala awo ambiri analibe galimoto. Ntchitoyo inakula m'chaka cha 1999, pomwe TVM inayamba kuulutsa. Mabanja a m'nyumba za lendi anagula timawailesi takanema, koma m'nyumbamo munalibe waya wa ESCOM. Choncho ankagula batire yakale kwa amakaniko, n'kumaibweretsa kwathu itamangidwa ndi malegeni pakaliyala ya njinga. Ena ankachita kuikankha pa wilibala kuchokera ku Biwi.

Mabatirewo ankawandandalika pansi m'kachipinda ka kuseri, iliyonse italembedwa dzina la mwini wake ndi penti. Bambo ankatsegula tizivindikiro, kuthiramo madzi a batire, kumanga mawaya, basi mpaka m'mawa. Asidi anawathera mathalauza. Mayi anasiya kusoka zibowozo, ankangoti ndi yunifolomu ya pantchito. Tsiku lovuta linali Lachisanu, chifukwa aliyense ankafuna batire yodzadza ya kumapeto a sabata, ndipo magetsi akazima usiku umenewo anthu ankadzudzula bambo ngati kuti siteshoni ya magetsi ya Nkula ndi yawo.

Izi sizinali zachilendo ku Lilongwe. Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, anthu anakhamukira kuno mofulumira kuposa mapolo a magetsi. Chinsapo ndi Mgona anakula popanda wodikira mapulani. Ngakhale pomwe waya unafika, mita inali ya alandilodi, ndipo mpaka lero pali malo amene mlendi amaloledwa babu ndi soketi imodzi, mbaula ya magetsi ayi.

Kenako kunabwera foni za m'manja. TNM inalipo kale, Celtel inafika mu 1999 womwewo, ndipo patapita zaka zingapo ntchito ya bambo inasamukira kwa ometa tsitsi ndi owotcha nyimbo, omwe ankatchaja mafoni. Thabwa lokhomedwa masoketi, kapepala ka nambala, kakobiri, ubwerenso madzulo. Kunyamula kunapepuka, koma malonda anali omwe aja: wopanda magetsi kugula pang'ono kwa amene ali nawo. Sola zazing'ono zinadzawalanda makasitomala ena.

Tsopano nkhani ili pa galimoto ndi njinga zamoto zoyendera magetsi, ndipo aliyense amene anagonapo pamzere wa petulo mu 2011 kapena m'zaka zaposachedwazi akumvetsa chifukwa chake. Chomwe chimandisekesa n'chakuti olankhula za izi amayerekeza munthu wa mpanda wake ndi galaja yake, woti akafika angolumikiza galimoto kukhoma n'kukagona. Ameneyo alipo ku Area 10. Wakabaza wa ku Area 23 amalowetsa njinga m'chipinda chomwe amagona poopa akuba, mayunitsi amasonkherana ndi mabanja ena a pamalopo, ndipo akangolumikiza batire yaikulu usiku umodzi, m'mawa kuli mlandu.

Ku Kigali kampani ya Ampersand inaona vutoli msanga. Woyendetsa njinga satchaja kunyumba. Amafika pasiteshoni, kusiya batire yotha, kulipira, kutenga yodzadza, ulendo. Alendo amazitcha nzeru zatsopano. Ine ndikaona ndimakumbukira kachipinda ka bambo, kusiyana kwake n'kwakuti kwathu munthu ankadikira batire yake yomweyo mpaka kutacha.

Chimene sichinasinthe ndi gwero la magetsiwo. Namondwe Ana ataononga siteshoni ya magetsi ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo otchaja mafoni m'misika ankakhala tsiku lonse masoketi ali zii. Magetsi a dzuwa a ku Salima anathandiza masana okha. Aliyense wofuna kutsegula malo osinthira mabatire ku Area 25 ayenera kuyamba waganiza zimenezo, chifukwa wakabaza amene wapeza mashelefu opanda batire yodzadza m'mawa wataya ndalama za ndiwo za tsikulo, ndipo mawa lake abwereka njinga ya petulo.