Njanji ya ku Whitby Imene Inasanduka Njira ya Njinga

Kumpoto kwa England, m'mbali mwa nyanja ya North Sea, kuli njira ya njinga yocedwa Cinder Track. Icokera ku Scarborough kukafika ku Whitby, mtunda wa makilomita pafupifupi 34. Dzina lake licokera ku phulusa la malasha limene anayala pansi pa njanji m'malo mwa miyala. Sitima inayamba kuyendamo mu 1885, ndipo inaleka mu 1965.

Tikamacova njinga m'njira imeneyi, miyendo ndiyo imatiphunzitsa mbiri yake. Tikadutsa nkhalango ya Hayburn Wyke, citunda cimapitirirabe mpaka ku Ravenscar, pamwamba penipeni pa njanji yonse, mamita 190 ndi kuculuka pang'ono kucokera pa nyanja. Kucokera ku Robin Hood's Bay, njanji inali kukwera mita imodzi pa mamita 39 alionse. Pa njinga timangopuma wefuwefu basi, koma kwa sitima ya malasha cinali cintchito. Nkhungu ya m'nyanja ikanyowetsa zitsulo, mawilo anali kuterereka.

Ravenscar yeniyeniyo ndi nkhani yomvetsa cisoni komanso yoseketsa. Kampani ina inagula malowo ca m'ma 1890 kuti imange tauni ya alendo yopikisana ndi Scarborough. Analambula misewu, kuika mapaipi a zonyansa, n'kugulitsa mapuloti. Koma ndani angamange nyumba pa phompho la mphepo, pomwe kukafika ku madzi n'kutsika phiri lonse? Kampaniyo inagwa. Manje misewu ina ikalipo, ili cabe m'maudzu.

Okwera sitima anali kuculuka m'nyengo yotentha, koma kukazizira mabogi anali kuyenda opanda anthu. Mu 1963 Richard Beeching analemba lipoti lakuti njanji zosabweretsa phindu zitsekedwe, ndipo iyi inali pa mndandanda. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja anatsala ndi mabasi.

Cimene timagoma naco n'cakuti zitsulo atazizula, mbali yaikulu ya malowo sanaidule mapuloti. Khonsolo ya Scarborough inagula njirayo mu 1975, n'cifukwa cake lero pafupifupi yonse ikalipo. Pafupi ndi Whitby timaoloka mtsinje wa Esk pa mlato wa Larpool, wa njerwa zokhazokha, wa makhomo 13 ndiponso wotalika mamita 36 kupita m'mwamba. Pansi pake, m'cigwa, sitima yocokera ku Middlesbrough ikali kudutsa.