Cabernet Sauvignon

Mtundu wa mphesa zakuda zopangira vinyo wofiira wamphamvu. Kwawo ndi ku Bordeaux, m'dziko la France. Mu 1997 akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis adasindikiza umboni wa DNA woti makolo ake ndi Cabernet Franc ndi Sauvignon Blanc, yomwe ndi mphesa yoyera.

Zipatso zake ndi zazing'ono, zachikopa chokhuthala, ndipo zimapsa mochedwa. Chikopacho ndicho chimapatsa vinyoyu mtundu wakuda bii, ndipo pamodzi ndi njere za zipatsozo chimamupatsanso tannin wambiri, amene amamanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Vinyoyu akadali watsopano amakhala waukali. Akakhalitsa m'migolo ya mtengo wa oak ndiponso m'botolo amafewa, ndipo wabwino amasungika zaka zoposa 10. Mphesazi zikathyoledwa zisanapsetse, vinyo amamveka fungo la tsabola wobiriwira wosawawa. Ku Médoc, m'chigawo cha Bordeaux, amakonda kumusakaniza ndi vinyo wa mphesa za Merlot. Mphesa za Cabernet Sauvignon zimalimidwanso m'maiko ena, monga ku Napa Valley, ku Coonawarra, ku Maipo ndi ku Stellenbosch.

Pa chakudya vinyoyu amafuna nyama yofiira yamafuta: ya ng'ombe yootcha pamakala, ya nkhosa, kapena mchira wa ng'ombe wophika mpaka kufewa. Mafuta ndi mapuloteni a nyamayo amachepetsa kumanga m'kamwa kuja, vinyo n'kumveka kukoma kwa chipatso. Tchizi cholimba chokhalitsa chimamuyeneranso. Nsomba ayi, chifukwa amaiphimba kukoma n'kusiya kafungo kachitsulo. Ndiwo za tsabola wambiri zimangowonjezera kuwawa. Vinyoyu amamwedwa ali pa madigiri 16 mpaka 18 a Celsius.