Za Makina Opeta Nsaru

Makolo athu a m'cigwa ca Bwanje anabvala nyanda ndi zikopa, ndipo akazi aciNgoni anadzikometsa ndi mikanda, naitunga umodzi umodzi. Kutali ku Mulhouse, m'caka ca 1828, Josué Heilmann anapanga makina opeta ndi masingano ambiri pamodzi. Mu 1851 Isaac Singer anaturutsa ace osokera. Osokerawo anafika kuno ndi amalonda, ndipo matelala anakhala nao pa makonde a masitolo, m'mbali mwa njanji yopyola pa Sharpevale, imene inatsegulidwa mu 1935.

Lero makina a kompyuta apeta duwa pa cikwama kapena pa malaya m'kamphindi. Koma, abale, makina alibe maso. Atsata cifanizo cimene munthu awapatsa. Tikaiwala matungidwe a agogo athu, tidzapeta maluwa a eni okha.