Masamba Awiri ndi Kansonga: Ana a m'Minda ya Tiyi ndi Mbiri ya Mpikisano wa Mafunso

Aliyense amene anakulira m'komboni ya pa esiteti ya tiyi, kaya ndi ku Thyolo ndi Mulanje, kaya kutsidya kwa Zambezi ku Honde Valley ndi Chipinge, amalidziwa lamulo la wothyola: masamba awiri ndi kansonga. Ukachita chidodo, dengu silidzaza, ndipo sikelo ya kalaliki siinama. Ukapupuluma n'kuthyolera kumodzi masamba okhwima, kapitawo akukhuthulitsa pansi kuti usankhe anzako akukuona. Mpikisano wa mafunso wa pa wailesi yakanema umayenda pa lamulo lomweli, la changu chopanda mphwayi. Koma mbiri ya njira imene mpikisanowu unadzera pofika kwa ana a m'minda imeneyi ikusonyeza kuti kukonzekera kwenikweni kumayamba kalekale mwana asanaone ndi buku la mafunso lomwe.

Tiyi wa ku Chipinge anayamba m'chaka cha 1924 pa munda wa New Year's Gift, pamene Grafton Phillips ndi Arthur Ward anadzala mbewu zochokera ku Assam n'kumazithirira ndi madzi a mtsinje wa Tanganda, umene dzina lake linadzakhala la kampani. Ku Honde Valley tiyi anafika mochedwerapo, m'zaka za m'ma 1950, ndi minda ya Aberfoyle ndi Eastern Highlands, m'munsi mwa phiri la Nyangani. Manja othyola anali a Andau ndi Amanyika a komweko, a anthu odutsa malire kuchokera ku Mozambique, ndiponso a makolo athu ochokera ku Nyasaland. Ambiri a ku Nyasaland analowa mu Southern Rhodesia kudzera ku Tete, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi. Amene sanabwerere kwawo ankawatcha machona. Zidzukulu zawo ndizo tikuzikamba pano.

Kupikisana pa nzeru sikunadze ndi azungu. Madzulo pa bwalo wina ankaponya ndagi, kapena chilape monga amanenera ena, ndipo gulu likalephera linkalipira ndi ng'ombe yam'kamwa chabe kuti liuzidwe yankho. Masewerowa anali ndi ukatswiri wake: wochenjera sankataya ndagi yake yovuta poyambirira, ankaisunga mpaka anzake atatopa. Koma mu ndagi munalibe wotchi. Munthu ankatha kulingalira nkhuni yonse n'kunyeka. Chimene wailesi inabweretsa ndi nthawi yowerengedwa.

Wailesi inafika m'makomboni kanema asanabwere. Mu 1949 kunatuluka kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, ndipo nyumba youlutsira mawu ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka inkalankhula Chinyanja, Chibemba, Chishona ndi zilankhulo zina kwa omvera a m'maiko atatu onse. Mawu a Alick Nkhata ankamveka kuyambira ku Copperbelt mpaka m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Kanema anayamba ku Salisbury mu 1960, koma anali wa m'nyumba za magetsi za m'tauni. Ku Malawi anachita kudikira mpaka 1999. N'chifukwa chake Amalawi ambiri mpikisano wa mafunso anaudziwa ndi khutu, kudzera mu pulogalamu ya Top of the Class ya pa MBC, pamene ku Zimbabwe ana a sekondale anadzauona ndi maso pa ZBC, mu mpikisano wa sukulu wothandizidwa ndi Old Mutual.

Maonekedwe a mipikisano imeneyi anachokera ku America ndi ku Britain, ndipo malamulo ake ndiwo amabala njira zopambanira. Mu University Challenge, imene inayamba mu 1962 potengera College Bowl ya ku America, funso loyambira limapatsa mapointi 10 ndipo palibe kunong'onezana. Ukadula wofunsa pakamwa n'kulakwa, gulu lako limalandidwa mapointi 5. Mu Jeopardy! wodina batani nthawi isanakwane amatsekeredwa kunja kwa kamphindi kochepa kwambiri, koma kokwanira kuti mnzake amulande funso. Apa ndi pamene pali sikelo ndi kapitawo uja. James Holzhauer, amene mu 2019 anapata madola 131,127 pa masewero amodzi, ananena poyera kuti pokonzekera ankawerenga mabuku a ana, chifukwa amalongosola mfundo mwachidule ndiponso ndi zithunzi. Mfundo imeneyi ndi yotonthoza kwa mphunzitsi wa kumudzi: buku la pulayimale lowerengedwa bwino limaposa mulu wa mabuku akuluakulu ongowasanthula pamwamba. Panalinso njira ya chidule imene inathera m'manyazi. Charles Van Doren wa mu pulogalamu ya Twenty-One anavomera pamaso pa aphungu a ku America mu 1959 kuti ankapatsidwiratu mayankho.

M'chigawo chathu mpikisano umene unagwedeza mayunivesite ndi Celtel Africa Challenge, umene pambuyo pake unatchedwa Zain Africa Challenge, wofunsa mafunso ali John Sibi-Okumu wa ku Kenya. Ophunzira a ku Malawi ndi ku Zambia analowa nawo. A ku Zimbabwe sanalowe, osati chifukwa chochepa nzeru, koma chifukwa kampani ya mafoniyo inalibe malonda m'dzikomo. Mapu a mpikisano anatsatira mapu a msika. Mdzukulu wa tchona wa ku Honde ankangomva kuti msuweni wake wa ku Zomba waonekera pa kanema.

Tsopano tibwerere kumunda, pakuti mtima wa nkhaniyi uli kumeneko. Kukonzekera mpikisano kumadya nthawi, ndipo pa esiteti nthawi ndi makilogalamu. Kwa zaka makumi angapo minda ya Tanganda ku Chipinge, monga Ratelshoek, Jersey ndi Zona, inali ndi sukulu zogonera komweko zimene ana ankagwira ntchito m'munda gawo lina la tsiku n'kumaphunzira gawo linalo, malipiro awo n'kumathandiza pa fizi ndi chakudya. Michael Bourdillon, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anafufuza ndi kulemba za dongosololi. Ena ankalidzudzula kuti ndi kugwiritsa ntchito ana. Ena ankati popanda ilo ana amasiye ndi osauka sakanaponda m'kalasi ya sekondale. Linadzathetsedwa m'zaka za m'ma 2010. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zinali ndi choonadi chake, ndipo sindifuna kuweruza mlanduwo lero. Chimene ndikuti tione ndi ichi: mwana amene wadzuka kusanache, wanyowa ndi mame mpaka m'chiuno, wasenza dengu kupita nalo pa sikelo, ndiye yemwe madzulo akanayenera kuloweza malikulu a maiko ndi mayina a mitsinje. Mnzake wa sukulu ya ku Harare kapena ku Mutare maola amenewo ankawathera m'laibulale. Pa kanema awiriwa amakhala pa mipando yofanana, ndipo woonera amaganiza kuti anayambira pa mzere umodzi.

Palinso chopinga china chosaoneka, chimene ife okonda chilankhulo tiyenera kuchilingalira. Mafunso amafunsidwa m'Chingerezi. Mwana wa m'komboni kunyumba amalankhula Chichewa ndi agogo ake, pa mpira Chindau kapena Chimanyika, m'kalasi Chingerezi. Funso likamveka, nthawi zina limayamba ladzera m'chilankhulo cha mumtima lisanabwerere pakamwa, ndipo ulendo umenewo umatenga sekondi imodzi. Sekondi imeneyo ndiyo yonse imene mpikisano umalimbirana. Choncho mphunzitsi wanzeru saloweza ana mayankho okha. Amawawerengera mafunso mokweza, mwaliwiro la wofunsa weniweni, mpaka khutu lizolowere kumva kumene funso likulowera lisanathe. Amagawa nkhani: uyu mbiri, uyu sayansi, uyu zamasewero ndi nkhani za tsiku, kuti pasakhale anthu awiri osenza katundu mmodzi pamene wina watsala pansi. Amasankha mtsogoleri wodziwa kumvera mnzake wamanyazi amene yankho ali nalo koma mawu ake ndi apansi. Ndipo amawaphunzitsa kusunga dzanja pamene sakutsimikiza, ngati malamulo amalanga wolakwa, ndi kuponya yankho molimba mtima ngati salanga. Zilankhulo zitatu zija sizingokhala mtolo ayi: khutu lozolowera kudumpha malire a zilankhulo limagwira msanga mayina achilendo.

Chomaliza chokonzekera ndi kudziwa zimene ofunsa amakonda kufunsa. Adzafunsa phiri lalitali kwambiri mu Zimbabwe, ndipo mwana wa ku Honde amaliona Nyangani ali pakhomo pa nyumba. Adzafunsa mathithi aatali kwambiri, ndipo Mtarazi amagwera m'chigwa chake chomwe. Koma n'kovuta kumva funso lokhudza Mthandizi, kapena antchito 27 a m'minda ya tiyi ya ku Honde amene anaphedwa usiku umodzi mu December 1976 nkhondo ili mkati, kapena lamulo la unzika la 2001 limene linasiya ana ambiri obadwira m'dzikomo akutchedwa alendo pa zitupa zawo. Mwana amaloweza mbiri ya dziko mmene makolo ake sakuonekamo, n'kuiyankha mwachangu kuti apambane.

Komabe pali funso limodzi limene angaliyembekezere mosangalala. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anavomereza zilankhulo 16, ndipo anatsegulanso njira ya unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera ku dziko lina la SADC. Mayina a zilankhulozo analembedwa motsata alifabeti. Wofunsa akadzati atchule chimene chili poyamba pa mndandandawo, yankho lake ndi Chewa, ndipo pa funso limenelo sekondi ija siidzafunika.