Kusankha CDI ya njinga yamoto

CDI ndi kabokosi kakang'ono kamene kamalamula nthawi yomwe pulagi, ija ena amati vela, ithethetse moto mu injini. Njinga zambiri za 125 ndi 150 cc zonyamula kachewere ndi chimanga m'misewu ya Angónia ndi Tsangano zimayendera kabokosi kameneka.

Ma CDI alipo a mitundu iwiri. Ya AC imatenga mphamvu ku koyilo ya mu injini, pomwe ya DC imadalira batire ya mavoti 12. Kunja zimatha kufanana, koma mukaika yolakwika njinga siilira, mwinanso CDI yatsopanoyo imapsa. Choncho popita kukagula tengani yakale, muwerenge mano a polumikizira, ndipo makaniko atsimikize mtundu wake.

M'misika mumapezekanso zolembedwa kuti "racing". Zambiri mwa izi zimafulumizitsa moto ndi kuchotsa malire a liwiro la injini. Panjira yosalala njinga imamveka yopepuka, koma pokwera phiri ndi matumba injini imatentha, ndipo pisitoni ndi mavavu sizichedwa kutha. CDI siikuza injini. Kwa wonyamula katundu, yofanana ndi imene inabwera ndi njinga ndiyo yoyenera.

Musanatulutse mametikali, onani kaye pulagi, sefa ya mpweya ndi kabuleta. Fumbi la m'chilimwe likatseka sefa, njinga imafooka ndi kumwa petulo wambiri ngakhale CDI ili bwinobwino.

Njinga zopanda kabuleta zimayendera kakompyuta kotchedwa ECU. Kameneko kamafuna makaniko wokhala ndi makina oyezera.