Usiku Umene Paundi Inagwa ku London

Lero tiyeni tipite ku Mchinji, kumalire a dziko lathu ndi Zambia. Akuluakulu akumeneko adzakuuzani kuti m'masiku a Chitaganya, pamene Mchinji inali Fort Manning ndipo Chipata inali Fort Jameson, munthu ankagulitsa nkhuku tsidya lino nakagula mchere tsidya linalo ndi sheleni yomweyo. Achewa ndi Angoni a mbali zonse ziŵiri ndi pachibale, ndipo ndalama yawo inali imodzi, paundi ya Rhodesia ndi Nyasaland, yolingana mphamvu ndi paundi ya ku Mangalande.

Chitaganya chitatha pa 31 December 1963, dziko lililonse linayamba kutulutsa paundi yakeyake. Zithunzi za pandalama zinasintha, koma mphamvu sinasinthe: paundi ya Malaŵi, ya Zambia ndi ya Angerezi zinkasinthidwa imodzi kwa imodzi.

Chimene chinalekanitsa matumba a abaleŵa chinachitikira kutali. Loŵeruka usiku, pa 18 November 1967, boma la Harold Wilson linalengeza kuti latsitsa mphamvu ya paundi, kuchoka pa madola 2.80 a ku America kufika pa 2.40. Maŵa lake Wilson anauza anthu ake pa wailesi kuti paundi ya m'thumba mwawo sinagwe. Angerezi ambiri anamuseka. Koma maiko amene ankasunga chuma chawo ku London analibe nthaŵi yoseka, chifukwa anayenera kusankha msanga: kutsika pamodzi ndi paundi kapena kuima pomwepo.

Malaŵi anatsika. Zambia anakana.

Tisafulumire kunena kuti wina anali wamantha ndipo wina wolimba mtima. Tiyi, fodya ndi mtedza wathu, kuphatikizapo Chalimbana wa ku Mchinji, zinkadalira kwambiri msika wa ku Mangalande. Tikadaima, mbewu zathu zikadakwera mtengo m'maso mwa wogula, ndipo thandizo limene Angerezi ankapereka pa bajeti ya boma lathu likadachepa polisintha. Zambia anali ndi mkuwa umene dziko lonse lapansi linkaufuna, ndipo katundu wake wambiri ankamugula ku Rhodesia ndi ku South Africa, maiko amene nawonso sanatsitse ndalama zawo. Aliyense anayang'ana m'nkhokwe mwake.

Tsono tamverani masamu ake, popeza ndi pamene pagona nkhani. Kuyambira sabata imeneyo paundi imodzi ya Zambia inasanduka paundi imodzi, masheleni 3 ndi makobidi 4 a Malaŵi. Kunena kwina, mapaundi 6 a tsidya lija anali mapaundi 7 kuno. Mnyamata wogwira ntchito ku Kitwe potumiza ndalama kwa amayi ake kwa Mkanda anaoneka ngati wakwezedwa malipiro, chimodzimodzinso amene anapita ku Joni pa Wenela. Koma mayi wa kwa Mlonyeni wopita kukagula nsalu ku Chipata, kapena kukalipira ku chipatala cha Mwami, anapeza kuti sheleni yake yafupika, ngakhale kuti njira inali yomweyo ndipo wogulitsa anali mlamu wake. Ine ndiganiza kuti kwa anthu wamba malire enieni anabadwa pamenepo, osati tsiku limene mbendera zinakwezedwa.

Dzina la kwacha linadzawonjezera chisokonezo. Zambia anatulutsa kwacha yake mu January 1968, makwacha aŵiri pa paundi yake yosagwa ija, motero kwacha imodzi inali madola 1.40. Ife tinatulutsa yathu mu February 1971, makwacha aŵiri pa paundi ya Angerezi, ndiye kuti madola 1.20. Dzina limodzi, mphamvu zosiyana.

Chingwe chotimangirira ku London sichinakhalitse. Mu June 1972 Angerezi anaisiya paundi kuti iziyandama pa msika, ndipo kwacha yathu inayamba kugwedezeka nayo popanda chifukwa cha kuno kwathu. Choncho mu November 1973 Reserve Bank of Malaŵi inamangirira kwacha ku paundi ndi dola pamodzi, mu June 1975 ku muyeso wa bungwe la IMF, ndipo mu January 1984 ku ndalama za maiko 7. Mu February 1994 nayonso inasiyidwa kuti iyandame.

Pakati apo mphepo inatembenuka pamalire. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, kwacha ya Zambia inatsitsidwa mu 1976, ndipo pamene boma la Kenneth Kaunda linayamba kugulitsa madola pa okushoni mu October 1985 inagweratu. Amene kale ankanyadira ndalama ya tsidya lija anayamba kufunafuna yathu. Mu January 2013 Zambia anachotsa maziro atatu pa ndalama yake. Ife sitinachotsepo, ndipo kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023, paundi ija imene tinkaigula ndi K2 mu 1971 inapitirira K2,000.