Tanthauzo la mawu akuti kilarineti

Kilarineti ndi chida choimbira chouzira, chowongoka ndiponso chakuda, chokhala ndi kabango kopyapyala kukamwa kwake komwe kamanjenjemera woimba akauzira. Ambiri amachisokoneza ndi sakisofoni, pomwe sakisofoni ndi yachitsulo ndipo kawirikawiri imapindika kumunsi.

Mawu akuti kilarineti adachokera ku Chifalansa, ndipo gwero lake ndi mawu a Chilatini otanthauza chomveka bwino. Pa perete, woimba amene walozetsa pansi chitoliro chakuda, zala zikuthamanga pa tizitsulo tonyezimira, ndiye wa kilarineti.

Katswiri wake wodziwika ndi Benny Goodman, wobadwira ku Chicago mu 1909, yemwe ankatchedwa mfumu ya jazi ya swing. Mu 1938 adaimba ndi gulu lake ku Carnegie Hall mumzinda wa New York. Adamwalira mu 1986.